Zironda za Agalu Zimene Sizimva Mankhwala

Galu ndi ciweto cogwira nchito usana ndi usiku. Ndiye alonda khola la mbuzi ndi la nkhuku pamene eni mudzi ali m'tulo, ndiye apirikitsa anyani ndi nguluwe m'munda wa cimanga, ndiponso ndiye atsagana ndi anyamata kubusa. Koma pa ziweto zonse za pamudzi galu ndiye asamalidwa mocepa. Ng'ombe ikadwala mwini wace sagona tulo. Galu akacita zironda angopirikitsidwa pakhonde cifukwa ca fungo, kufikira ubweya utathothoka ndipo mlonda uja atasanduka cinthu comvetsa cisoni.

Pa zaka za posacedwazi madokotala a ziweto m'maiko ambiri aona cinthu codetsa nkhawa. Zironda za pakhungu la agalu zimene kale zinali kupola ndi mapiritsi a masiku ocepa, tsopano zina sizipola ngakhale galu amwe mankhwala a mitundu iwiri kapena itatu. Anthu ena akaona zotere aganiza kuti galu walodzedwa, ena ati mankhwala a masiku ano ndi acabe. Zoona zace n'zakuti tizirombo toyambitsa zirondazo sitikufanso ndi mankhwala amene kale anali kutipha. Komabe mwini galu ali nazo zida zina panyumba pace pomwe, ndipo akadziwa kagwiritsidwe kace ndi malire ace angathe kupulumutsa ciweto cace.

CIMENE CIYAMBITSA ZIRONDA

Pathupi la galu ali yense, ngakhale wonenepa ndi wosalala, pakhala tizirombo tating'ono tosaoneka ndi maso, tochedwa mabakiteriya. Mtundu umene ubvuta kwambiri pakhungu akatswiri auchula Staphylococcus pseudintermedius, dzina limene unapatsidwa m'caka ca 2005. Tizirombo timeneti tikhala m'mphuno, m'kamwa ndi kunsi kwa mcira popanda kumdwalitsa galu, pakuti khungu labwino liri ngati mpanda wolimba wa dimba. Mpanda ukagumuka pena, ndipo mbuzi zilowa.

Zogumula mpandawo ndi zodziwika kwa mlimi ali yense. Nthata ndi nkhupakupa ziluma galu ndipo iye adzikanda kufikira khungu litasupuka. Mphere ziboola khungu. Nchenche zoluma zidya nsonga za makutu. Minga, misampha ndi kulumana kwa agalu zisiya mabala. Njala ndi njoka za m'mimba zifooketsa thupi kotero kuti silingathe kudziteteza. Nthawi ya dzinja cinyezi cionjeza bvutoli, popeza ubweya wonyowa usunga kutentha kumene tizirombo tikonda.

Tizirombo tikalowa, poyamba paoneka tiziphuphu tofiira ta mitu yoyera kapena yacikasu, makamaka pamimba ndi m'kati mwa ncafu. Tikaphulika pasala malo ozungulira ngati ndalama, opanda ubweya, amene m'mbali mwace khungu lifunduka. Pambuyo pace pabwera nkhanambo ndi fungo loipa.

CIFUKWA CACE MANKHWALA ALEKA KUGWIRA NCHITO

Mankhwala opha mabakiteriya, amene a cipatala awachula maantibayotiki, si akale kwambiri. Oyamba a iwo, penisilini, anapezedwa ndi Alexander Fleming ku London m'caka ca 1928, ndipo anapulumutsa asirikali ambiri obvulala pa nkhondo yaikulu ya 1939 kufikira 1945. M'caka ca 1945 Fleming yemweyo anacenjeza kuti munthu wakumwa mankhwalawo mopereweza adzazoloweretsa tizirombo m'malo motipha. Mau ace sanacedwe kukwaniridwa. Pamene penisilini anayamba kulephera, akatswiri anapanga mankhwala ena ochedwa methicillin, koma m'caka ca 1961 ku England anapeza kale tizirombo tosamva ngakhale amenewo. Pakati pa agalu mtundu wosamva mankhwala unayamba kufala ku Ulaya ndi ku America ca m'ma 2006, ndipo lero upezeka m'maiko ambiri. Madokotala auchula mwacidule MRSP.

M'mene zimenezi zicitikira mlimi angamvetse poganizira za kupalira. Munthu wopalira pamwamba pokha apha udzu wofewa nasiya kapinga. Popeza udzu wolimbana naye wacoka, kapingayo ayanga munda wonse. Momwemonso m'cironda cimodzi muli tizirombo zikwi zikwi, ndipo pakati pa ito pali towerengeka tolimba mwacibadwa. Mankhwala akaperekedwa ocepa, kapena kwa masiku ocepa, kapena kawiri kawiri popanda cifukwa, tofooka tifa ndipo tolimba titsala ndi kuswana. Coipa cina n'cakuti mabakiteriya atha kupatsirana kulimba kumeneku, ngakhale ali a mitundu yosiyana.

Macitidwe amene alimbitsa tizirombo aoneka m'midzi ndi m'misika. Ena agula makapisozi awiri kapena atatu kwa wogulitsa pa tebulo nampatsa galu. Ena ampatsa mankhwala amene anatsala pamene mwana anadwala. Ena atsegula kapisozi nawaza ufa wace pacironda. Enanso abaya galu jekeseni ya ng'ombe pa nthenda iri yonse. Ndipo ambiri apereka maantibayotiki pa mphere kapena cipere, pamene nthenda ziwirizi siziyambitsidwa ndi mabakiteriya konse, kotero mankhwalawo angopita pacabe nasiya tizirombo tolimba.

Nkhaniyi siikhudza agalu okha, pakuti mankhwala ambiri a agalu ndi omwewo a anthu. Kufufuza kumene kunasindikizidwa m'magazini ya madokotala ya The Lancet m'caka ca 2022 kunaonetsa kuti m'caka ca 2019 anthu okwana 1,270,000 pa dziko lonse anafa cifukwa ca mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo maiko a mu Africa a kumwera kwa cipululu ca Sahara ndiwo anakhudzidwa koposa. Boma la Zambia linakhazikitsa dongosolo la zaka 10 lolimbana ndi bvutoli m'caka ca 2017, ndipo caka ndi caka kuyambira pa 18 kufikira pa 24 Novembala maiko akumbutsa anthu ao za ngozi imeneyi.

ZIRONDA ZA PAMWAMBA NDI ZIRONDA ZAKUYA

Asanayambe kuciritsa, mwini galu ayenera kusiyanitsa mitundu iwiri ya zironda. Za pamwamba ndi zija za tiziphuphu, nkhanambo ndi kuthothoka kwa ubweya, pamene galu akudya bwino ndi kuyenda monga mwa masiku onse. Zimenezi zingaciritsidwe pamudzi. Zakuya ndi zija zotupa, zopweteka pozikhudza, zokhala ndi timabowo totuluka mafinya osakanizika ndi magazi, ndipo kawiri kawiri galu atentha thupi, akana cakudya ndi kungogona. Zimenezi zifuna dokotala kapena mlangizi wa ziweto, cifukwa tizirombo tafika kumene mankhwala opaka sangafike.

Pa zironda za pamwamba madokotala a khungu la ziweto alangiza tsopano kuti ciyambi cikhale kusambitsa ndi kupaka, mapiritsi asungidwe. Cifukwa cace n'comveka. Antibayotiki ali ngati kiyi wotsegula loko mmodzi yekha, ndipo tizirombo tikasintha lokoyo kiyi alibenso nchito. Koma uci, shuga ndi mankhwala osambitsira aononga tizirombo m'njira zingapo nthawi imodzi, kotero kuti amene sakumva mapiritsi afa cimodzimodzi ndi anzao. Ku Italy m'caka ca 2015 madokotala anayerekeza agalu osambitsidwa ndi mankhwala ochedwa chlorhexidine ndi agalu omwa mapiritsi kwa masabata 4, ndipo magulu onse awiri anacira mofanana.

KUMETA NDI KUTSUKA

Nchito yoyamba ndiyo kumeta ubweya wozungulira cironda ndi sizasi, kufikira paoneke khungu labwino mbali zonse. Ubweya womatana ndi mafinya ubisa kukula kwace kwa cironda ndipo uchinga mpweya. Galu womva ululu aluma ngakhale mbuye wace, cotero ndi bwino kumanga kukamwa kwace ndi kansalu, munthu wina wamkulu atamgwira ndi kumlankhula mofatsa.

Yaciwiri ndiyo kutsuka ndi madzi a mcere. Madzi aphitsidwe ndi kuziziritsidwa, ndipo mu theka la lita athiremo kasupuni kamodzi ka tiyi ka mcere, kosasefukira. Muyeso umenewu ufanana ndi mcere wa m'magazi, motero suwawa pabala. Mcere wambiri uocha mnofu umene ukuyamba kumera ndipo ucedwetsa kupola. Nsalu yoyera yobviika m'madziwo iikidwe pa nkhanambo kwa mphindi zingapo kuti zifewe, kenaka zipukutidwe pang'ono pang'ono osazisenda ndi mphamvu. Madzi a mcere sapha tizirombo. Nchito yace ndi kukokolola mafinya ndi dothi kuti mankhwala otsatira akhudze khungu lenileni. Kutsuka kotere kucitike m'mawa ndi madzulo.

UCI

Pa zinthu zonse za cilengedwe zimene zapimidwa ndi akatswiri, uci ndiwo uli patsogolo pa nchito yopoletsa mabala. Aigupto akale anali kuugwiritsa nchito zaka zikwi zapitazo, ndipo lero zipatala za anthu ndi za ziweto m'maiko ambiri zisunga mabandeji a uci. Mphamvu yace icokera ku zinthu zitatu. Coyamba, pafupifupi magawo 80 pa 100 a uci ndi shuga, ndipo shuga woculuka cotero atsopa madzi m'tizirombo kufikira titauma. Caciwiri, uci uli ndi kuwawasa kwina kumene mabakiteriya sakula bwino m'menemo. Cacitatu, njuci ziika m'uci cinthu cimene, cikakumana ndi madzi a m'bala, citulutsa pang'ono pang'ono mankhwala otsuka mabala ochedwa hydrogen peroxide. Uci wa maluwa a mtengo wa manuka wa ku New Zealand ndiwo wochuka pa nchitoyi ndipo ndi wokwera mtengo, koma uci wabwino wa m'ming'oma ya m'dziko muno, monga wa ku Kabompo, ku Mwinilunga kapena wa m'nkhalango za Kum'mawa, uli nazo zinthu zitatu zija.

Uci woyenera ndi wauwisi, wosefedwa bwino kuti musakhale phula kapena ana a njuci. Wophika pamoto wataya mbali ya mphamvu yace, ndipo wosakaniza ndi madzi ungodyetsa tizirombo. Bala likatsukidwa, uci upakidwe mocindikala pa kansalu koyera kophitsidwa ndi kuumitsidwa, kansaluko kaikidwe pabala ndi kumangidwa mosathina. Kasinthidwe kamodzi pa tsiku, kapena kawiri ngati bala lituluka madzi ambiri. Uci uthandiza kwambiri pa zironda zotseguka ndi malo osupuka. Suyenera kuthiridwa m'bowo lakuya la dzino kapena la munga, pakuti uci wa kumudzi sunayeretsedwe monga wa m'cipatala.

Zobvuta zace ndi ziwiri, nyerere ndi lilime la galu. Galu wa bandeji ya uci agone pamalo osesa, pa thumba loyera. Kuti asanyambite, mwini wace adule katoni kapena ndowa yakale ya pulasitiki ndi kumbveka m'khosi ngati fanulo, kotero kuti atha kudya ndi kumwa koma sangafikitse kamwa pabala.

SHUGA

Kumene uci usowa, shuga woyera wa m'sitolo agwira nchito yofanana nayo potsopa madzi m'tizirombo. Namwino wina wa ku Zimbabwe, Moses Murandu, amene anaona atate wace akuthira shuga pamabala kumudzi kwao, anayesa njira imeneyi pa odwala ku England ndipo inathandiza ambiri. Madokotala a ziweto nawonso aigwiritsa nchito pa mabala akuda ndi onunkha.

Shuga athiridwe wambiri, kucindikala kwace ngati cala cacing'ono, ndipo pamwamba pamangidwe nsalu. Akasungunuka yense ndi kusanduka madzi mphamvu yace yatha, ndipo bala liyenera kutsukidwa ndi kuthiridwa wina. Masiku oyamba zimenezi zingafunike kawiri kapena katatu pa tsiku. Bala likayera, fungo litatha, ndipo pansi pace paoneka mnofu wofiira wa timiburu, shuga alekedwe ndipo pangomangidwa nsalu yoyera yopaka mafuta a Vaseline. Pabala limene likali kukha magazi sathirapo shuga.

ZOSAMBITSIRA ZOGULA

Tiziphuphu tikafala thupi lonse, uci ndi shuga sizingakwane, ndipo cofunika ndi kusambitsa galu yense. Mankhwala abwino koposa pa nchitoyi ndi sopo wamadzi wa chlorhexidine wa mphamvu ya magawo 2 kufikira 4 pa 100, amene apezeka m'masitolo a mankhwala a anthu ndi a ziweto. Galu anyowetsedwe, apakidwe thobvu mpaka pakhungu, ndipo thobvulo likhale mphindi 10 zathunthu asanamtsukuluze. Ambiri alephera pamenepa, pakuti atsukuluza msanga mankhwala asanagwire. Kusamba kucitike kawiri kapena katatu pa sabata. Mankhwalawa asalowe m'maso kapena m'kati mwa makutu.

Kumene chlorhexidine sapezeka, Jik wamba wosanunkhira, amene pa botolo lace palembedwa 3.5%, athandiza ngati asungunulidwa kwambiri. Muyeso wace ndi timasupuni 3 ta tiyi m'ndowa ya malita 10. Galu ayambe wasamba ndi sopo wamba, kenaka athiridwe madziwo, adikire mphindi 10, ndi kutsukuluzidwa ndi madzi oyera. Madzi otsala atayidwe, cifukwa mphamvu yace siikhalitsa. Kuonjeza muyeso poganiza kuti galu acira msanga ndi kulakwa kwakukulu, popeza Jik wamphamvu aocha khungu. Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena ali onse. Pa malo ang'ono, ayodini wa mabala wochedwa povidone, wosungunula ndi madzi kufikira aoneke ngati tiyi wosapsa, agwiranso nchito bwino.

Galu akasamba aumitsidwe padzuwa la m'mawa, asagone ndi ubweya wonyowa.

ZITSAMBA

Anthu ambiri abzala aloe vera pakhomo. Mnofu woyera wa m'kati mwa tsamba lace uziziritsa khungu loyabwa ndipo ucepetsa kukanda, koma sutha kugonjetsa cironda ca mafinya pa wokha. Utomoni wacikasu wa pansi pa khungu la tsambalo ucotsedwe bwino, cifukwa galu akaunyambita atsegula m'mimba. Madzi ophika masamba a nimu, atazizira, ena asambitsira agalu pofuna kucepetsa nthata. Zitsamba zoterezi ndi zothandizira cabe, ndipo sizilowa m'malo mwa kutsuka bala tsiku ndi tsiku.

ZOSAYENERA KUCITA

Pali zinthu zina zozolowereka zimene zingathe kubvulaza kapena kupha galu. Oilo wakuda wocokera m'injini ya galimoto kapena ya cigayo ali ndi poizoni amene alowa pakhungu, ndipo galu amnyambita. Parafini ndi dizilo ziocha khungu. Ufa wakuda wa m'mabatire, madzi a fodya ndi mankhwala ophera mbozi za m'thonje kapena m'cimanga ndi poizoni woopsa. Dibi ya ng'ombe yosungunula pa muyeso wa ng'ombe ingagwetse galu, makamaka mwana wa galu kapena galu wa zironda zotseguka. Adyo ndi anyezi, zimene ena adyetsa galu ati ziyeretsa magazi, ziononga magazi a galu m'malo mwace. Mafuta onunkhira a tea tree, amene agulitsidwa m'matauni monga mankhwala a cilengedwe, anjenjemeretsa galu ndi kumfooketsa miyendo. Mapiritsi a anthu oletsa ululu monga ibuprofen ndi diclofenac aboola cifu ndi kuononga impso zace. Dothi, phulusa ndi ndowe sizipoletsa bala koma zionjezamo tizirombo tina.

KUKONZA MPANDA

Cironda cingapole bwino, koma ngati cimene cinagumula mpanda cikalipo, cidzabweranso mwezi usanathe. Cifukwa cace mwini galu afunefune gwero la nthendayo.

Nthata ziikira mazira amene agwera pogona galu, m'fumbi ndi m'masaka. Malowo asesedwe kawiri kawiri, zinyalala zitenthedwe, ndipo masaka acapidwe ndi madzi otentha ndi kuyanikidwa padzuwa lamphamvu. Kuteroko kucepetsanso mabakiteriya, amene atha kukhala moyo pa nsalu youma kwa masabata angapo. Masiku ano kuli mapiritsi amene galu akamwa limodzi, nthata, nkhupakupa ndi mphere zifa kwa mwezi umodzi kapena miyezi itatu, monga mwa mtundu wace. Mlangizi wa ziweto ndiye adziwa muyeso woyenera kulemera kwa galu.

Mphere zizindikirika ndi kukanda kosaleka, makamaka m'mphepete mwa makutu, m'zigongono ndi pamimba. Ziyambukira agalu ena ndipo ziyabwitsa anthu owagwira, cotero agalu onse a pakhomo aciritsidwe pamodzi. Pali mtundu wina wa mphere umene ugwira ana a agalu kumaso ndi kumiyendo, wosayabwa kwambiri poyamba, ndipo ndi umene kawiri kawiri utsegulira njira zironda zakuya.

Mphutsi za pakhungu zibvuta nthawi ya mvula. Nchenche yace iikira mazira pa mcenga wa pamthunzi wonunkha mkodzo kapena tubzi, ndipo timphutsi tiboola khungu la galu wogona pamenepo. Paoneka cithupsa cokhala ndi kabowo pakati. Kabowoko kakatsekedwa ndi Vaseline mphutsi isowa mpweya ndipo isuzumira kunja, pamenepo ifinyidwe mofatsa kuti ituluke yathunthu, ndi bala litsukidwe ndi madzi a mcere.

Cakudya naconso ndi mankhwala. Galu wodya makoko a nsima ndi gaga wokha sangamere khungu latsopano msanga. Pa nsima yace aonjezepo kapenta, soya wophika, nsinjiro, dzira lophika kapena zotsala za nyama, ndipo madzi oyera akhalepo nthawi zonse. Mankhwala a njoka za m'mimba aperekedwe miyezi itatu iri yonse.

KUTETEZA A PABANJA

Tizirombo ta khungu la galu sitidwalitsa anthu kawiri kawiri, koma titha kutero tikapeza bala kapena thupi lofooka. Wosamala galu asambe m'manja ndi sopo asanayambe ndiponso atatha, ndipo ngati n'kotheka abvale mapepala a pulasitiki m'manja. Nsalu zocotsa pabala zitenthedwe. Nchitoyi isapatsidwe kwa ana, kwa okalamba, kwa odwala nthenda ya shuga, kapena kwa ali yense amene thupi lace lafooka ndi matenda. Galu wa zironda asagone m'nyumba yogona anthu, asanyambite ana kumaso, ndipo mbale yace ikhale yace yokha.

Pali cenjezo lina lalikulu. Galu wa mabala olumidwa ndi nkhandwe kapena galu wacilendo, kapena amene wasintha khalidwe, akutuluka dobvu ndi kuluma ciri conse, asagwiridwe ndi munthu pofuna kumtsuka. Angakhale ndi ciwewe, nthenda imene iribe mankhwala ikaonekera. Atsekeredwe ndipo a Dipatimenti ya Ziweto auzidwe msanga. Munthu akalumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndi kupita kucipatala tsiku lomwelo. Galu ali yense ayenera kubayidwa katemera wa ciwewe.

NTHAWI YOPITA KWA ALANGIZI

Cironda ca pamwamba cosamalidwa bwino ciyamba kusintha pa masiku 7. Kufiira kucepa, fungo litha, tiziphuphu tatsopano tileka kutuluka. Kupola kwenikweni kutenga masabata awiri, atatu kapena anai, ndipo kusambitsa kusalekedwe khungu lisanayere lonse. Koma ngati sabata yatha popanda kusintha, ngati cironda cikula kapena kuzama, ngati ciri pafupi ndi diso, kapena ngati galu aleka kudya, za panyumba zafika pa malire ace. Galu apite naye kwa mlangizi wa ziweto wa m'deralo kapena ku ofesi ya ziweto ku Boma.

Dokotala atha kutenga mafinya pang'ono ndi kuwatumiza kopimira, monga ku sukulu ya madokotala a ziweto ya University of Zambia ku Lusaka. Kumeneko tizirombo timeretsedwa m'mbale ndi kuyesedwa ndi mankhwala osiyanasiyana, ndipo patapita masiku ocepa adziwa amene angatiphe. Mwini galu anene zoona za mankhwala onse amene anampatsa kale, pakuti zimenezi zithandiza dokotala kusankha bwino. Mapiritsi akaperekedwa, amwedwe pa muyeso wace ndi masiku ace onse, agulidwe m'sitolo yololedwa ndi bungwe la boma loyang'anira mankhwala la ZAMRA, ndipo otsala asasungidwe kuti adzapatse ciweto cina. Kusambitsa ndi kutsuka kupitirire pamodzi ndi mapiritsiwo.

Akulu akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumeta, kutsuka ndi kumanga bala m'mawa ndi madzulo kwa masabata atatu ndi nchito yotopetsa kuposa kugula kapisozi pamsika, koma mtengo wace ndi mcere pang'ono, uci kapena shuga, sopo ndi nsalu yoyera. Mlimi wocita zimenezi apulumutsa mlonda wa khola lace, ndiponso athandiza kusunga mphamvu ya mankhwala amene mwana wace adzawafuna tsiku lina kucipatala.